Tsabola wa lero ali kale padzuwa

Miyambi yambiri anaipanga akuluakulu pofuna kutseka ana pakamwa, koma umodzi unawapulumuka n'kukalowa m'gulu la adzukulu. Ndi uja wakuti tsabola wakale sawawa. Pa Kamwendo, pamene msewu wochokera ku Lilongwe kupita ku Mchinji umakumana ndi wolowera ku Kapiri ndi ku Kasungu, mwambiwu umamveka kwambiri pakhonde la ejenti wa Airtel Money kapena Mpamba, agogo akamasula mfundo ya chitenje, n'kutulutsa kapepala kolembapo pini, kenako n'kuiwerenga mokweza kuti mzere wonse umve bwino. Anyamata a kabaza amagwa nako kuseka. M'kuseka kwawoko muli chikhulupiriro chimene sachitchula: akuganiza kuti kukana zamakono ndi nthenda ya m'badwo umodzi wokha, ndipo idzalowa m'manda pamodzi ndi eni ake, pamene iwo, amene anapeza foni ili kale m'mudzi, adzakalamba akadali akatswiri. Ndikufuna kuwasokoneza chisangalalo chimenechi, chifukwa umboni umene uli m'minda ya ku Mchinji komweko ukunena zina.

Tiyambe ndi tsabola weniweniyo, popeza mwambiwu umamunamizira. Aliyense amene anasinjapo kambuzi wouma wa chaka chatha mu kamtondo amadziwa kuti nyumba yonse imayetsemula, ndipo wosinjayo akaiwala n'kudzitikita m'maso amalira ngati wamva uthenga wa maliro. Tsabola wakale amawawa ndithu, kungoti sanyezimira. Komanso palibe tsabola amene anamera ali wakale. Yemwe ali m'chikombe pa tsindwi anali wobiriwira dzana, anafiira dzulo, ndipo pa nthawi yake ankaseka anzake ouma. Mnyamata amene akunena mwambiwu lero akuiwala kuti dzuwa limene linaumitsa agogo ake silinalowe.

Taonani nkhani ya mizere. Lero munthu wa zaka 70 wa ku Mchinji mukamuuza kuti abzale chimanga popanda kuunga mizere, amakuyang'anani ngati mwamuuza kuti adye nsima ndi foloko. Kwa iye mizere ndiwo ulimi wa makolo. Koma makolo enieniwo ambiri ankalima pa nthumbira, ndipo mizere yopingasa inabwera ndi boma la atsamunda, limene linkati likuteteza nthaka kuti isakokoloke. M'zaka za m'ma 1950, pamene mkulu wa zaulimi mu Nyasaland anali Richard Kettlewell, malamulo a malimidwe ankakakamizidwa ndi chindapusa ndi ndende, ndipo alangizi ankatha kuzulitsa mbewu za munthu amene sanamvere. Anthu anadana nawo malamulowa kotero kuti chipani cha Nyasaland African Congress chinapeza otsatira ambiri kumidzi chifukwa cha mkwiyo womwewo. Anyamata a nthawi imeneyo anaphunzira mizere, anaizolowera, anailowetsa m'msana, ndipo ana awo anakula akudziwa kuti munda wopanda mizere ndi wa mlesi. Tsopano alangizi a masiku ano abwera ndi ulimi wa mtayakhasu, akuti musagaule, phimbirani nthaka ndi mapesi, ndipo amene akukana ndi zidzukulu za anthu omwe anamangidwa chifukwa chokana mizere. Chinthu chimene agogo anachikana mpaka kulowa nacho m'ndende, mdzukulu akuchiteteza ngati chinsinsi cha kudambwe. Ngati khasu lokha latha kuchita zimenezi m'mibadwo itatu, foni ili ndi mankhwala anji oti iyo isadzachite chimodzimodzi?

Chachiwiri chimene anyamata a pa siteji saona n'chakuti wokana nthawi zambiri amakhala ndi chifukwa, ndipo chifukwacho chimakhala chabwino kuposa cha wogulitsa. Kwa zaka zambiri akatswiri ankadandaula kuti alimi a m'Malawi ndi ouma mutu chifukwa akukakamira chimanga cha makolo m'malo mwa haibulidi wobereka kwambiri. Amayi ndiwo ankadziwa chimene akatswiriwo sankachiona ali mu ofesi. Haibulidi woyambayo anali wofewa, ukamukonola mu mtondo ankaphwanyika n'kupita ku gaga, mphale n'kutsala pang'ono, ndipo m'nkhokwe anankafumbwe ankamuchita phwando. Pamene ofufuza a ku Chitedze anatulutsa MH17 ndi MH18 mu 1990, mbewu za maso olimbirako zimene zinkakonoleka bwino, amayi omwe aja ankatchedwa osasinthika anayamba kuzifuna. Mutu wa mlimi sunasinthe, inasintha ndi mbewu. Mtedza nawo uli ndi nkhani yofanana: CG7 anatuluka chaka chomwecho ndipo anafala m'minda ya ku Mchinji chifukwa amabereka, koma mayi wofuna nsinjiro zokoma mu nkhwani akamafunsabe Chalimbana pa msika sikuti sanamve za chitukuko. Lilime lake lili ndi kafukufuku wakewake.

Ndipo tikanena zoona, agogo a pa Kamwendo si okana zamakono monga momwe timawanenera. Amasankha. Tochi ya sola anailandira osafunsa msonkhano wa mfumu, chifukwa palafini ankadula ndipo koloboyi ankadetsa mphuno. Kawailesi kolowetsa memore khadi kali m'thumba la jekete la pafupifupi mkulu wa mpingo aliyense, kakuimba makwaya kapena kakugwira wailesi ya Mudzi Wathu. Njinga yamoto ya Lifo amaikwera atagwira chipewa ndi dzanja limodzi, kwinaku akulangiza woyendetsa za mabampu. Ndalama za pa foni, zimene Airtel inayambitsa mu 2012 ndipo TNM mu 2013, anazivomera tsiku limene mwana wa ku Joni anatumiza ya feteleza n'kufika dzuwa lisanalowe, pamene kale inkayenda masabata m'thumba la dalaivala wa basi ndipo nthawi zina inkafika itaonda. Ngakhale Mtukula Pakhomo, amene anayambira m'boma lomweli la Mchinji mu 2006, anaphunzitsa okalamba ambiri kusunga khadi ndi nambala mosamala kuposa mmene adzukulu awo amasungira satifiketi ya Fomu 4. Chimene amakana ndi chinthu chimene chimawachititsa manyazi pagulu kapena chimene chinawaluma kale. Munthu amene analandirapo uthenga wakuti ndalama ija mutumize pa nambala iyi, natumizadi, ali ndi ufulu woyang'ana foni ngati njoka. Munthu amene anagona pa depoti ya feteleza wotsika mtengo pamene pulogalamu ya AIP inayamba mu 2020, chitupa cha unzika chili m'manja, kalaliki akungoti netiweki yathawa, sangamuuze wina kuti makina ndi achangu kuposa kuponi ya pepala. Galu wamkota sakandira pachabe. Ngakhale pogulitsa soya, gogo amene akukana sikelo ya manambala owala n'kumati tiyeze ndi ndowa akunena mwaulemu kuti ndowa amaiona ndi maso ake, pamene za m'mimba mwa sikeloyo akuzidziwa ndi venda yekha.

Pano wina anditsutsa, ndipo mfundo yake ndi yolemera. Adzati m'badwo wa agogowa unakumana ndi foni utakula kale, pakuti TNM inayamba mu 1995, Celtel mu 1999, ndipo kumidzi mafoni anafika mochedwa kuposa pamenepo. Ngakhale wailesi ya kanema ya dziko lino inayamba mu 1999 momwemo. Koma mwana wa lero wazolowera kusintha kwenikweniko, chaka chilichonse kumabwera chatsopano ndipo iye amangochilandira, ndiye ukalamba udzamupeza ali wofewa ngati mphira. Yankho lake lili pa Kamwendo pomwepo, mwa anthu a zaka 45 kapena 50. Amenewa ndiwo anali tsabola wofiira dzulodzuloli. Ankadziwa kubweza tepi ya kaseti ndi bolopeni kuti asathe mabatire. Ankalemba uthenga pa Nokia ya mabatani foni ili m'thumba, maso ali kwina. Anapanga chinenero chonse cha kuflasha, kamodzi kutanthauza ndafika, kawiri kutanthauza ndiimbire ndilibe mayunitsi. Anaona Celtel ikusanduka Zain mu 2008, Zain n'kusanduka Airtel mu 2010, osagwedezeka. Ndi anthu omwewa amene lero akupatsira mwana foni kuti awachotsere chinthu chimene chatulukira pagalasi, ndipo akuti Facebook inali ndi ulemu koma TikTok ndi misala ya ana ovina pamaso pa apongozi. Makaniko amene ankamva vuto la kabuleta ndi khutu lokha amatukwana galimoto zofuna kompyuta kuti zinene pamene zikudwala. Sanazolowere kusintha ayi, anazolowera zinthu zimene zinasintha iwo ali ndi nthawi yoseweretsa. Mnyamata amaphunzira foni chifukwa ali ndi masana onse, alibe ulemu woti ataye akalakwitsa, ndipo mu akaunti mwake mulibe ndalama yoti ibedwe. Akadzakhala ndi ana asanu, fodya m'chigafa, maso ofuna magalasi ndi dzina loti aliteteze pa mudzi, chidwi chobonya chilichonse chidzachepa chokha.

Wotsutsa wachiwiri ndi wochenjera kuposa woyamba. Iye akuti makina akunka nafewa, moti m'tsogolo simudzafunika kuphunzira kanthu, mudzangoyankhula. Apa ndivomera theka. Uthenga wa mawu pa WhatsApp wachita zimene sukulu ya kwacha inalephera: gogo amene sanagwirepo pensulo tsopano amatumiza mphindi zisanu ndi ziwiri, kuyamba ndi moni wa aliyense pa dzina, kudutsa pa matenda a mbuzi, n'kufika pa nkhani ya ndalama bandulo ya wolandirayo itatsala pang'ono kutha. Palinso Ulangizi, makina oyankha mafunso a ulimi m'Chichewa kudzera pa WhatsApp, amene bungwe la Opportunity International linayamba kuyesa m'dziko muno. Zonsezi zikuchotsa chopinga cha zala ndi cha zilembo. Koma kukana kwa okalamba sikunakhalepo nkhani ya zala zokha. Mizere sinali yovuta kuphunzira, ndipo thalauzi silinali lovuta kuvala pamene lamulo la 1973 loletsa amayi kulivala linachotsedwa, komabe mpaka lero pali makomo amene mtsikana amafika atakulunga chitenje pamwamba pake. Funso limene munthu wamkulu amafunsa ndi lakuti chinthuchi chikundichotsera chiyani, ndipo ndani adzandifunsenso nzeru chikakhazikika. Makina akamafewa, m'pamenenso amalowa m'malo amene munthu ankati ndi akeake. Mnyamata wa lero sadandaula kuti foni ikumuuza njira kapena mtengo wa soya ku Lilongwe. Tidzamuone tsiku limene mdzukulu wake adzati ankhoswe ndi otayitsa nthawi, nkhani ya banja lake waikambirana kale ndi makina ndipo amuweruzira bwino.

Ena amati vuto ndi umphawi osati zaka, ndipo sakunama: kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba zoyatsa magetsi a ESCOM zinali pafupifupi 11 pa 100 zilizonse, ndiye munthu sangakonde chimene alibe potchajira. Koma kalembera yemweyo anapezanso kuti theka la Amalawi linali la ana osafika zaka 18. Kwa ofuna kuseka okalamba, chiwerengero chimenechi n'choopsa, chifukwa chikutanthauza kuti dziko lino likuyanika tsabola wochuluka kuposa amene linayanikapo chiyambire, ndipo yense adzauma nthawi imodzi.

Ndiye tiyerekeze Kamwendo wa mu 2070. Pansi pa mtengo pali nkhalamba zitatu zimene lero zikuyendetsa kabaza. Mmodzi watulutsa itel yake yong'ambika galasi, yomangidwa ndi mphira, ndipo akuumirira kuti ndalama zake azione ndi maso pa foni, alembe yekha pini ndi chala, chifukwa izi zongoyang'ana m'maso munthu n'kuti walipira ndi ufiti wa poyera. Mdzukulu akumuuza kuti, "Agogo, zimenezo zinatha, palibenso ejenti m'dziko muno." Iye akuyankha kuti pa nthawi yawo anthu anali ndi khalidwe, munthu ankakutumizira kachithunzi koseka ukalemba nthabwala, gulu la WhatsApp linali ndi adimini wolemekezeka, ndipo netiweki ikathawa anthu ankakwera pa chulu n'kucheza ngati abale. Mnzake akugwedeza mutu n'kuwonjeza kuti nyimbo zinatha ndi memore khadi. Wachitatu sakuyankhula, akufufuza m'matumba onse a jekete. Kapepala kamene analembapo pini kaja sakukaona, ndipo ana amene akudutsa pamsewu ayamba kale kuseka.