Katswiri wa makoini ku Bolero

Boma la Rumphi silisowa akatswiri. A fodya ali ku Bolero ndi ku Hewe, a khofi ali kumapiri a Phoka, a malasha ali ku Mchenga, ndipo a sukulu anayamba kalekale ku Livingstonia. Katswiri wa ndalama zachitsulo yekha ndiye kunalibe, choncho mpandowo ndakhalapo ine. Palibe anandisankha, palibenso akutsutsa, poti palibe akudziwa.

Ntchito yanga ndi kusaka ndalama zomwe zinalakwika posula. Kunjaku kuli anthu, okhuta ndithu, omwe amagula ndalama yolakwika modula kuposa yabwinobwino. Mu 2008 Royal Mint ya ku Britain inasokoneza zidindo n'kutulutsa ma 20 pence opanda chaka, ndipo mpaka lero anthu amawalimbirana. Ku America, senti ya 1955 yomwe zilembo zake zimaoneka ziwiriziwiri imasungidwa mosamala kuposa setifiketi ya ukwati. Nditamva zimenezi ndinati basi, ngati kulakwitsa kwayamba kulipira, nthawi yanga yakwana.

Chuma changa chimagona m'chitini cha mkaka pansi pa bedi. Muli sheleni ya 1964 ya mutu wa Kamuzu ndi chimanga kuseri kwake. Muli matambala a 1971, chaka chomwe kwacha inalowa m'malo mwa paundi, ena a nkhope ya Muluzi, ma K5 ndi K10 amitundu iwiri aja omwe anabwera mu 2007 kudzang'amba matumba a mathalauza athu, ndi ting'onoting'ono ta 2012.

Koma chitini chokha sichipanga katswiri. Chofunika ndi pakamwa. Inu mumati kumutu ndi kuseri, ife timati obverse ndi reverse. Chidindo chosulira timati die, kachitsulo kosadindidwa timati planchet. Kachitsuloko kakaterereka, chithunzi n'kugwera m'mbali mbali ina n'kutsala yosalala, ndiye off-centre. Zidindo ziwiri zosayenera kukumana zikagwira ndalama imodzi, monga 20 pence ija, ndiye mule. Chidindo chenichenicho chikapangidwa ndi zilembo zobwereza, ndalama zonse zomwe chasula zimatuluka ndi vuto lofanana, ndiye doubled die. Mawu amenewa ndimawanena mokweza pa bawo. Anzanga amagwedeza mitu mwaulemu, kenaka amandidya nkhomo zonse.

Chiphunzitso chachikulu, chomwenso chimandisowetsa tulo, ndi ichi: ndalama ikhale kuti inabadwa nacho chilemacho kufakitale. Chipsera cha ukulu sichiwerengedwa. Mukaona kamzere pandalama, yendetsanipo chikhadabo. Ngati katukuka, mwina chidindo chinang'aluka, chitsulo n'kulowa mumng'aluwo posula, ndipo imeneyo ndi die crack. Ngati kalowa m'kati, ameneyo ndi mwana wanu ndi mpeni wa kukhitchini. Akatswirife zoterozo timazitcha post-mint damage, ndipo sizigulidwa ngakhale mulire.

Tsono taganizani moyo womwe ndalama yachitsulo imadutsamo kwathu kuno. Yakanda mayunitsi, yamanga sikuluwu ya wailesi, yapondedwa ndi ngolo, yagona m'dothi mvula yonse, yamezedwa ndi mwana n'kubwezedwa. Ndikayala chitini changa pamphasa n'kuvala mandala a malemu agogo, ndimaona kuti ndine mwini wa post-mint damage wochuluka kuposa wina aliyense kuchokera ku Chiweta mpaka ku Katowo. Mpikisano wake ukanakhalapo, chikho chikanabwera ku Bolero.

Alamu anga anabwera tsiku lina akupuma mwa wefuwefu, khobidi lakale lili m'manja.

"Alamu, iyi yokha tagula galimoto. Onani bowo pakatipa!"

Ndinakhosomola kaye, monga katswiri ayenera kuchitira. Ndinawauza kuti limenelo ndi khobidi la nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chomwe chinayamba mu 1953 n'kutha mu 1963, ndipo onse ankasulidwa ndi bowo mwadala. "Mukadzapeza lopanda bowo," ndinatero, "mudzandidzutse ngakhale pakati pa usiku." Anandidzutsadi usiku womwewo. Bowo lija linali litatsekedwa bwinobwino ndi mnyamata wowotcherera njinga kumsika, ndipo ndalamayo inali idakafunda.

Ena anabwera atapeza tizilembo P.V. pafupi ndi khosi la Kamuzu, ati fakitale inaiwala kufufuta. Amenewo ndi Paul Vincze, mmisiri yemwe anajambula mutuwo. Anapita okhumudwa, ndipo ine ndinakhumudwa nawo, poti zanga zonse za Kamuzu zilinso ndi tizilembo timeneto.

Lamulo lina limati ndalama yakale isatsukidwe. Kuda kwake n'komwe ogula amafuna, ndipo mchenga umasiya timikwingwirima tomwe sitichokanso. Lamuloli ndinaphunzitsa Bolero yense kupatula mayi a kunyumba. Iwo ataona chitini cha zinthu zakuda pansi pa bedi, anachita chomwe mayi waukhondo aliyense akanachita. Ndinapeza Kamuzu, njovu ndi atambala onse ali pathandala, akuwala ngee, atawakwecha ndi phulusa.

"Bambo a ana, simuthokoza?"

Ndinati yewo chomene.

Vuto lomwe latsala ndi kopeza katundu watsopano. Mabuku amati fufuzani muchenji chanu, koma amene analemba mabukuwo sanakhaleko kuno. Kwacha inagwa mu 2012, inagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo K10 lero ukaigwetsa pamsika palibe amawerama. Wagolosale amakubwezera switi, kapena kumwetulira basi. Malo amodzi okha omwe makoini akuyendabe mwaufulu ndi m'mbale ya chopereka.

Ndiye ndadzipereka kumawerengera chopereka Lamulungu lililonse. Anzanga amamaliza zamapepala msanga, ine ndimatsala ndi zachitsulo: imodziimodzi, kuitembenuza, kuiyang'ana padzuwa, kuiyendetsa chikhadabo. Akulu a mpingo aona. Akuti munthu wosamala choncho ndi K1 ya Ambuye sanamuonepo, ndipo dzina langa alipereka kale pa chisankho cha msungichuma. Amene akutsutsa ndi mayi a kunyumba okha.