Moyo wa pa nangula ku Chembe

Kuima pa nangula ndi pamene ngalawa ya thanga yaleka kuyenda koma sinaleke kugwedezeka. Pa Nyanja ya Malawi, malo amodzi otchuka pa zimenezi ndi Chembe, mudzi wa asodzi ku Cape Maclear m'boma la Mangochi, moyang'anana ndi zilumba za Thumbi ndi Domwe. Mapiri a kuseri kwa mudziwu amatchingako mwera, mphepo yaukali ya miyezi yozizira. Mpoto akauka, palibe chotchinga.

Nangula ndi chitsulo chongowa chimene amaponya pansi pa madzi, ndipo odziwa amati chingwe chake chitalike kasanu kuposa kuya kwa madziwo. Akatero, ngalawa imangozungulira pamodzimodzi ngati mbuzi ya pachikhomo, kutsata kumene mphepo yafuna.

Okhala m'ngalawa yotere ali m'magulu awiri. Loyamba ndi la mwini wake, amene amadziwa dzina la chingwe chilichonse. Lachiwiri ndi la mlendo wongoitanidwa, monga mlembi wa danga lino, bambo wa kumapiri a ku Dedza amene madzi amawadziwira m'beseni. Ntchito ya mlendoyu ndi kukhala pamene wauzidwa ndi kuwerama thanga likamatembenuka. Chachiwirichi amachiphunzira ndi pamphumi.

Tsiku limayamba ndi mabwato. Asodzi ochokera ku ntchito ya usiku amakocheza pambali pa ngalawa ndi usipa, utaka, mwina kampango. Apa mlendo amaonetsa luso lake la mumsika wa ku Lilongwe: amanenerera mtengo, amapukusa mutu, amachita ngati akuchoka. Koma wokhala pa nangula alibe kolowera, ndipo msodzi amadziwa. "Mukaganize bwino, bwana, ife tili pompano," amatero akupalasa pang'onopang'ono. Nsomba imagulidwa pa mtengo woyamba uja.

Kumtunda amapitako pa kabwato kopalasa. Mwana wa ku Chembe amapalasa molunjika, maso ali kwina. Mlendo amapalasa mozungulira, nkhafi imodzi m'madzi ina m'mwamba, mpaka amayi otsuka mapoto pagombe amaika mapoto pansi kuti aonere bwino. Akafika amayenda dzandidzandi pamchenga, ndipo sipathandiza kufotokoza kuti sanalawe kanthu. Iye anabwera kudzaona mudzi, koma pofika tsiku lachiwiri mudzi wonse umakhala ukudziwa nthawi imene amasamba ndi mtundu wa kabudula wake.

Deralo lili mu Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 n'kulowa m'ndandanda wa UNESCO mu 1984, makamaka chifukwa cha nsomba zokongola za mbuna. Mlendo amaziona ali chogwira makwerero a ngalawa ndi manja onse awiri.

Usiku ndiye pali mutu wa nkhani. Nangula akhoza kuzuka, choncho munthu wanzeru amasankha nyali imodzi ya kumtunda n'kumaiyang'anira. Tsoka lake, asodzi a usipa nawonso amayatsa nyali pamadzi zokopera nsomba, ndipo nyali zawozo zimayenda. Mlendo akaona "mudzi" ukusuntha amadzutsa mwini ngalawa ndi uthenga woti akutengeka kulowera ku Mozambique. Zimene mwini wakeyo amayankha sizilembeka m'nyuzipepala.

Pochoka, nangula amamukoka ndi manja, atadzaza matope ndi udzu wa pansi pa nyanja. Mwa ntchito zonse za m'ngalawa, iyi yokha ndiyo sifuna maphunziro, ndipo imaperekedwa kwa mlendo.