Zolemba pa Chigoba cha Fulu

Padangokhala, Fisi anali ndi munda waukulu m'mbali mwa mtsinje wa Linthipe ku Dedza. Mvula ya Disembala itakhazikika, udzu unayamba kupitirira chimanga, ndipo Fisi analengeza ganyu yopalira.

Fulu anapita ndi khasu lake. Kwawo ufa unali utatsala wa masiku awiri.

"Alamu, mundipalirire mizere 200 iyi," anatero Fisi. "Ndikupatsani ndowa zinayi za chimanga."

"Zikomo bwana. Koma amayi kunyumba anati tilemberane."

Nkhope ya Fisi inagwa. "Pepala pakati pa ine ndi inu, alamu? Kulemberana n'kwa anthu osakhulupirirana. Suyu Bilimankhwe wamva zonse? Mboni yathu ndi imeneyi."

Fulu anachita manyazi, nagwira khasu. Musamuseke. Wanjala amaopa kuti akachulutsa mafunso ganyu ipita kwa wina, ndipo olemba ganyu mantha amenewo amawadziwa bwino.

Anapalira masabata awiri, kulawirira m'bandakucha, kuweruka dzuwa litapendeka. Atatsiriza mzere womaliza, Fisi anati, "Poti muli kale m'munda, mungobandirako uku." Anabandira. "Fetelezayu mungothirako, ndi ntchito imodzi yomweyo." Anathira. Pa malipiro anauzidwa kuti abwere Loweruka. Loweruka Fisi anali kumaliro, Loweruka linalo kiyi wa nyumba yosungira chimanga anali atapita ndi akazi awo kumsika.

Tsiku lolandira litafika, Fisi anatulutsa kachitini ka penti ka malita 5, nayeza kanayi. Theka lake anali madeya.

Mlandu unapita kubwalo kwa mfumu Njovu. Bilimankhwe anakhala pafupi ndi Fisi, ndipo thupi lake lonse linachita mawangamawanga.

"Zoti ndowa ndinamva, mfumu," anatero akuyang'ana diso lina kum'mawa, lina kumadzulo. "Koma kukula kwa ndowayo sikunatchulidwe."

Njovu anapukusa mutu. "A Fulu, pangano lapakamwa ndi pangano ndithu, ndipo mtima wanga ukundiuza kuti mwaponderezedwa. Koma ndigwire pati? Mawu anu ndi mawu awo akulemera chimodzimodzi."

Mu Febuluwale njala inafika pachimake. Ana a Fulu ankagonera mkhwani wopanda nsima. Fulu anameza malovu, nabwerera kwa Fisi kukapempha chimanga cha katapila: ndowa imodzi, kudzabweza ziwiri pokolola.

Fisi sanavute. Analowa m'nyumba, natuluka ndi kope lachikuto cholimba ndi bolopeni. Analemba dzina, tsiku, "ndowa ya malita 20, chimanga chopeta, chosafumbwa", ndi tsiku lobweza, 31 Meyi. Anaitana mboni ziwiri, Bilimankhwe osamuitana. Kenaka anagwira chala cha Fulu, nachipaka inki, nachidinda pansi pa mawuwo.

"Bwana, paja munati kulemberana n'kwa osakhulupirirana?"

"Izi ndi zina, alamu. Iyi ndi ngongole."

Fulu anasenza chimanga chake osayankha. Masamba a kope lija anawaona bwino: mayina a mudzi wonse anali mmenemo, onse okongola kwa Fisi. Tsamba la amene Fisi anawakongola thukuta munalibe.

Meyi atafika Fulu anabweza ndowa ziwiri zija. Chimanga cha Fisi chinali chitauma m'munda, chiswe chitayamba kugwetsa mapesi, ndipo womanga nkhokwe yosapendama m'dera lonselo anali Fulu yekha. Fisi anamutumizira uthenga wa ganyu.

Fulu anayamba wadzera kwa Gogomole. Pepala limanyowa, chiswe chimadya, mwini kope amatha kung'amba tsamba; choncho anapempha kuti pangano lonse ligobedwe pa chigoba chake. Gogomole anagogoda tsiku lathunthu. Chigawo china ntchito yake: kukolola ndi kumanga nkhokwe imodzi. China malipiro: matumba awiri a makilogalamu 50, limodzi poyamba ntchito, linalo tsiku lomaliza. China chinati ntchito iliyonse yoonjezera ili ndi mtengo wakewake. Pakati anasiya malo a chala.

Fisi anawerenga mozungulira Fulu kawiri. Anadandaula za chibale, anakumbutsa za chimanga cha mu Febuluwale. Fulu anangolowetsa mutu m'chigoba, kusiya zolembazo panja. Kumunda mapesi anali kugwabe. Fisi anadinda, ndipo matumba onse awiri anatuluka pa tsiku lake.

Kalulu, amene anaseka kuti iye pakamwa pake m'pokwana, anagwira ganyu yotonola chimanga chomwecho. Mpaka lero amapita kwa Fisi Loweruka lililonse.

Mizere imene Gogomole anagoba ija ikadali pa chigoba cha Fulu ndi pa zigoba za adzukulu ake. Fisi naye ganyu akulembabe chaka ndi chaka, koma wofuna ntchito akafika, amayamba wamusisita pamsana mwachikondi, kuti amve ngati pali pofewa.