Ulemu kwa Dzanja Lonjenjemera

Pali anthu amene akajambula chithunzi usiku, n'kuona kuti chatuluka mbuu, nkhope zitapakika ngati wina wazipukuta ndi chisanza chonyowa, amachifufuta msangamsanga ngati aona njoka m'foni. Anthu oterewa ndimawamvera chisoni. Chithunzi chimene akutayacho chili ndi mwini wake, mmisiri wamkulu amene sanalandirepo mendulo ngakhale kapu ya tiyi, ndiye dzanja lonjenjemera la munthu woima panja pa Dedza mwezi wa Juni.

Mmisiri ameneyu sapezeka mwachisawawa. Ku Nsanje kapena ku Salima mungamufune mpaka nsapato kutha, poti kumeneko dzanja limangochita thukuta. Kwawo ndi kuno, tauni imene inakhala pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, m'munsi mwa phiri la mamita 2,198. Dzuwa likangolowa, mphepo imatsika m'mitengo ya paini n'kuyamba kupisa anthu m'matumba, kukhosi ndi m'makutu. Mukatulutsa dzanja m'jekete kuti mujambule, muwerenge mpaka kasanu. Pofika kachisanu ndi chimodzi mmisiri wayamba ntchito, ndipo safunsa malipiro.

Kuti mumvetse luso lake, dziwani kuti kamera ndi nyama yodya kuwala. Masana imakhuta m'kuphethira kumodzi, kachitseko kake kamatseguka n'kutsekeka pa kagawo kamodzi mwa magawo 500 kapena 1,000 a sekondi. Usiku chakudya chimachepa, ndiye imayasamula nthawi yaitali, mwina theka la sekondi, mwina sekondi yathunthu, kudikira kuti kuwala kudontheremo pang'onopang'ono. Nthawi yonseyi imapempha chinthu chimodzi chokha, chakuti musagwedezeke. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Sindiwatsutsa, koma ndikukayika ngati ananena zimenezi ali chiimire pa depoti ya pa Dedza itakwana 8 koloko usiku. Ayenera kuti anali pafupi ndi mbaula.

Lachisanu lina kunabwera msuweni wanga wa ku Lilongwe, mmodzi mwa anthu amene amaganiza kuti akayenda makilomita 85 kuchoka ku likulu afika kumapeto a dziko. Atadya nsima anandifunsa kuti, "Achimwene, kuno anthu mumaona chiyani usiku, kupatula maloto?" Ndinamubwereka juzi n'kutuluka naye.

Pa depoti minibasi yomaliza inali ikulira injini ngati inyamuka pompano, chonsecho mkati munali anthu anayi okha ndi thumba la kabichi. Oitanira anali atasasa mawu. Anyamata a kabaza ankatizungulira ndi njinga zawo zamoto, aliyense atavala chisoti chaubweya pansi pa chipewa cholimba chija. Chapatali malole ankadutsa mwaulemu wake kulowera ku boda, kuti mawa akadutse pa Calomue kupita ku Tete. Pakati pa zonsezi panali chiwaya, likulu lenileni la tauni ino usiku. Mbatata ya kachewere ya ku Bembeke inkalira m'mafuta, utsi wa kanyenya ukukwera kudutsa kababu kamodzi kolendewera pa waya, ndipo amuna asanu ndi mmodzi anali atazungulira moto, theka akudya, theka akungootha kwaulere.

Ndinatulutsa kafoni kanga kotchipa. Dzanja linachita mbali yake.

Taonani chimene chinatuluka. Kababu kamodzi kaja kanasanduka timababu titatu tolumikizana ndi ulusi wa moto. Nyali ya njinga ya kabaza inakhala njoka yaitali yachikasu yodutsa chithunzi chonse, njinga ndi mwini wake osaoneka. Mnyamata wokazinga tchipisi anatuluka ndi mikono inayi. Msuweni wanga anaseka mpaka kutsokomola, koma ine ndinamuuza kuti ayang'anitsitse. Mnyamatayo amatembenuza tchipisi, amawaza mchere, amalandira ndalama, amabweza chenji, uku akusonkhezera nkhuni ndi phazi. Munthu wotere ali ndi mikono iwiri? Maso athu ndi amene akhala akutinamiza zaka zonsezi.

Musaganize kuti zimenezi ndi za kumudzi. Mu 1838, Louis Daguerre anajambula msewu wa Boulevard du Temple ku Paris, msewu wodzaza ndi ngolo, akavalo ndi anthu. Kamera yake inkafuna mphindi zingapo kuti ikhute kuwala, ndipo chilichonse choyenda chinasowa. Pachithunzipo msewu uli pululu ngati kwagwa maliro, kupatula pakona pamene paima bambo wina amene akumupolisha nsapato. Ameneyo ndi amene amatchulidwa kuti ali m'gulu la anthu oyamba kuoneka pa chithunzi, ndipo ulemu wonsewu anaupeza chifukwa choima malo amodzi. Lamulo lake silinasinthe. Pachithunzi changa, munthu yekhayo amene anaoneka bwinobwino ndi gogo wina amene anali atagona tulo pa benchi, atafunda chitenje mpaka m'mutu.

Ubwino wina wa mmisiri wathu ndi wakuti amasunga chinsinsi. Kumbuyo kwa chiwaya, pakhomo pa malo ena oimba nyimbo mokweza, panali bambo wina amene ndikudziwa kuti kunyumba anatsanzika kuti akupita kukagona ku maliro. Sinditchula dzina, ndipo chithunzi changa nachonso sichitchula. Chimangoonetsa mthunzi wa jekete, ndi kanthu kena kobiriwira m'manja kamene kangakhale botolo, kangakhalenso buku la nyimbo. Ankhoswe angati amene agona tulo tabwino chifukwa cha dzanja limeneli, osadziwa woti amuthokoze?

Kale tinali ndi ajambuli oyenda pa njinga, kamera ili pakhosi. Munkavala zovala za pa Khrisimasi, kuima pafupi ndi maluwa a eni ake, kulipira theka, n'kudikira milungu iwiri kuti filimu ikatsukidwe ku tauni. Kenaka mjambuli ankabwera nkhope ili yachisoni n'kunena mawu awiri aja, "chithunzi chapsa." Palibe ankafunsa kuti chapsa ndi moto wanji. Tinkavomereza ngati mmene timavomerezera chilala. Lero chithunzi chopsacho mumachiona ndi maso anu, mwachipanga nokha, osalipira ngakhale tambala, ndiye mukudandaula chiyani?

Adani a dzanja lonjenjemera alipo, ndipo akuchuluka. Ena amanyamula kachitsulo ka miyendo itatu ngati mafuwa, kuti kamera ikhale pamenepo iwo manja ali m'thumba. Umenewo ndi ulesi, ngakhale Brassaï amene anatchuka ndi zithunzi za usiku za ku Paris m'zaka za m'ma 1930 ankachita zomwezo. Koma mdani woopsa ali m'kati mwa mafoni odula. Kuyambira cha mu 2018, pamene Google inatulutsa njira yake ya Night Sight, mafoni ambiri anaphunzira kujambula zithunzi zingapo motsatizana, kuzisanjikiza, kutaya zogwedera n'kusunga zooneka bwino. Msuweni wanga ali ndi foni ya mtundu umenewu. Anaiimika, inaganiza masekondi atatu, n'kutulutsa depoti yowala ngati 4 koloko madzulo tsiku la mitambo. Zonse zinaoneka, maenje a mumsewu, makoko a nzimbe, mtundu weniweni wa mafuta a m'chiwaya umene palibe wodya tchipisi amafuna kuudziwa. Bambo wa ku maliro uja anaoneka mpaka ndevu. Chimene chinasowamo ndi usiku, pamodzi ndi kuzizira kwake. Munthu akanatha kunena kuti ndi pa Balaka.

Pobwerera kunyumba ndinamukumbutsa kuti boma lino lili ndi mbiri pa nkhani ya zithunzi zosaoneka nkhope. Ku Chongoni, m'mapanga ndi pansi pa matanthwe ngati Chencherere, Namzeze ndi Mphunzi, kuli malo 127 a zojambula zakale, zofiira za Akafula ndi zoyera za Achewa, zambiri mwa zoyerazo zokhudza chinamwali ndi gule wamkulu. Mu 2006 bungwe la UNESCO linaika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi. Anthu ophunzira amachoka kutali kudzaima pansi pa thanthwe, kupendeketsa mutu, n'kumatsutsana ngati chojambulidwacho ndi buluzi, nanzikambe kapena chikopa choyanika. Palibe amene amati chifufutidwe. Ine sindikunena kuti chithunzi changa cha chiwaya chikalembetsedwe ku UNESCO chaka chino, poti zinthu zimenezi zimafuna nthawi.

Usiku womwewo tinatumiza zithunzi zonse ziwiri pa WhatsApp kwa achemwali anga amene akhala ku Johannesburg zaka zambiri osabwera. Cha msuweni anangochiyankha ndi kachala kaja. Changa anakhala nacho kanthawi, kenaka kunabwera uthenga wa mawu, iwo akuseka. "Achimwene, apa ndi pa chiwaya cha pa depoti, eti? Kwayamba kuzizira chonchi? Mwavala chiyani kumanjako?"

Sindinayankhe msanga. Zala zinali zisanayambe kumva.