Za Kuphatikiza Ming'oma ya Njuchi ku Mufakose

Kuphatikiza ming'oma ndi ntchito imene mlimi wa njuchi amagwira akaona kuti mabanja awiri a njuchi afooka, moti lililonse palokha silingathe kufunditsa ana ake kapena kudziteteza ku nyerere ndi njenjete zodya phula, ndipo cholinga chake n'chakuti pakhale banja limodzi lamphamvu m'malo mwa awiri ovutika. Ku Harare vuto limeneli limaonekera kwambiri m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye, pamene maluwa achepa, ndipo mlimi wanzeru amafuna kuti mitengo ya jakaranda ikamachita maluwa mu Seputembala ndi Okutobala ipeze njuchi zake zili zambiri.

M'malokeshoni monga Mufakose, Mabvuku, Tafara ndi Dzivarasekwa, kumene kuli zidzukulu zambiri za anthu amene anachoka ku Nyasaland kudzafuna ntchito, pali chifukwa china chimene mabuku a ulimi satchula, ndicho kuchepa kwa malo. Kuseri kwa nyumba imodzi kumayenera kukwana kachipinda ka munthu wa lendi, khola la nkhuku, kadimba ka repu, chingwe choyanikapo zovala ndi galimoto imene inafa kale koma mwini wake akuti ingofunika batire. Mlembi wa nkhani zino, amene amadzitcha mlimi wa njuchi chifukwa cha mabokosi awiri oima kuseri kwa bafa, ndi mwini wa galimoto imeneyo, ndipo ganizo lophatikiza ming'oma silinachokere mu sayansi koma kwa mayi a kunyumba, amene anafuna malo obzalapo anyezi.

Njuchi zimene akunenazi ndi za mtundu umene akatswiri amautcha Apis mellifera scutellata. Mu 1956 katswiri wina, Warwick Kerr, anatenga njuchi za mtunduwu ku Africa kupita nazo ku Brazil, ndipo zina zitathawa chaka chotsatira zinaberekana ndi za kumeneko n'kufalikira mpaka ku United States, kumene anthu anazipatsa dzina loti njuchi zakupha. Ku Mufakose abale a njuchi zomwezo amakhala pafupi ndi chingwe cha zovala, ndipo woziweta amazifikira atavala ovolosi, majombo, masokosi m'manja ndi neti ya udzudzu kumutu.

Chovuta pa ntchitoyi n'chakuti njuchi zimadziwana ndi fungo. Banja lililonse lili ndi fungo lake, ndipo pakhomo pa mng'oma pamakhala alonda amene amanunkhiza aliyense wolowa. Wonunkha zachilendo amagwidwa n'kulumidwa. Wongokhuthulira njuchi za bokosi lina m'bokosi linzake amadzapeza mulu wa mitembo m'mawa. Kuwonjezera apo, banja lililonse lili ndi mfumukazi, yomwe ndi njuchi yaikazi yoikira mazira, ndipo yabwino imatha kuikira mazira oposa 1,000 pa tsiku maluwa akachuluka. Mafumukazi awiri akakumana amamenyana mpaka imodzi kufa. Anthu a m'malokeshoni safuna kuuzidwa zambiri pa mfundo imeneyi, popeza mu 2005, tizipinda ta kuseri titagwetsedwa pa ntchito ya boma yotchedwa Murambatsvina, mabanja ambiri anapanikizana m'nyumba imodzi, ndipo amene anaona amanena kuti pogona pankapezeka, koma khitchini ya amayi awiri ndiyo inkavuta.

Motero mlimi ayenera kusankha mfumukazi imodzi, yaing'ono msinkhu ndi yoikira bwino, n'kuchotsa inayo. Kuipeza pakati pa njuchi zikwizikwi zoyendayenda pa zisa kumafuna maso akuthwa, pakuti imasiyana ndi zinzake makamaka ndi kutalika kwa mimba. Mlembi amanyamula chisa chilichonse, kuchiyang'ana mbali zonse ziwiri mwaukatswiri, magalasi atachita nthunzi mkati mwa neti, pamene mayi a kunyumba, ali chiimire patali ndi beseni la zovala, amangoloza n'kunena kuti, "Bambo a ana, si iyo ili pa chala chanuyo?" Kupha mfumukazi yokalambayo kumagweranso mayi omwewo, amene amaitswanya ndi chikhadabo osasiya kukamba za mtengo wa mafuta ophikira, mwini ming'oma atayang'ana kumbali.

Kusuntha bokosi kuti lifike pafupi ndi linzake nakonso kuli ndi lamulo lake, chifukwa njuchi imaloweza malo enieni a khomo lake, ndipo mng'oma ukasunthidwa kwambiri nthawi imodzi zouluka zimabwerera pamalo akale n'kumazungulira pamenepo. Alimi amausuntha mtunda wosapitirira mita imodzi pa tsiku, kotero kuti bokosi la mlembi limadutsa m'kadimba ka repu pang'onopang'ono, ndipo tsiku lililonse la ulendowo limakhala ndi mlandu wake.

Njira yodziwika kwambiri yophatikizira ndi ya nyuzipepala. Pa mng'oma wa Langstroth, umene uli wa mabokosi osanjikiza, pepala limayalidwa pamwamba pa bokosi la banja lamphamvu, kenako bokosi la banja lopanda mfumukazi limaikidwa pamwamba pake. Pa mng'oma wa ku Kenya, wautali wokhala ndi timatabwa topingasa pamwamba, pepalalo limaimikidwa pakati kuti likhale khoma. Ntchitoyi imachitika madzulo njuchi zitabwerera, ndi utsi wa zitsononkho za chimanga wozifatsitsa, ndipo pepala limang'ambidwa pang'ono ndi mpeni m'malo angapo. Njuchi za mbali zonse zimayamba kulitafuna, fungo limadutsa m'timabowo n'kusakanikirana, ndipo pakatha tsiku limodzi kapena awiri, khoma likamatha, sipakhalanso wodziwa kuti mlendo ndani.

Njuchi sizisankha pakati pa nyuzipepala za The Herald, NewsDay ndi Kwayedza, koma pakhomo pa mlembi kusankha tsamba kumatsata mwambo. Tsamba la mpira ndi la anyamata, la zotsatsa malonda ndi la mayi, ndipo lokhalo limene palibe amalifunsa ndi limene pamatuluka nkhani za mlembiyo. M'mawa mwake amagwada pakhomo pa mng'oma n'kuona njuchi zikutulutsa tizidutswa ta ziganizo zake, totuwa ndi tonyowa, n'kukatitaya pansi. Iye amati palibe owerenga ena amene anafikapo kumapeto kwa nkhani yake osadumpha liwu.

Banja lamphamvu limafuna madzi ambiri, ndipo m'lokeshoni mmene madzi a m'mipope amabwera mwa apo ndi apo, njuchi zimapita pa mgolo wa nyumba yoyandikana. Mayi a nyumba imeneyo atabwera ndi chikope chotupa, mlembi anawakumbutsa mwaulemu kuti chulukechuluke ngwa njuchi, umanena iyo yakuluma, ndipo anawapempha kuti aloze yolakwayo. Mlanduwo unatha ndi botolo la uchi wogula ku Mbare Musika, popeza wa m'mng'oma wake unali usanafulidwe.

Chotsala n'cha njuchi zazimuna, zimene sizitola mungu, sizimanga zisa ndiponso zilibe mbola, ndipo ntchito yawo ndi kukwera mfumukazi yatsopano basi. Chakudya chikachepa, zantchito zimazikokera pakhomo n'kuzikaniza kulowanso. Mayi a kunyumba, amene kale sankafuna n'kumva komwe za njuchi, masiku ano amatenga mpando n'kukhala pafupi ndi mng'oma kuti aonerere zimenezi, ndipo mlembi wayamba kuthirira anyezi asanauzidwe.