Malangizo a Munthu Woti Anapitako Kunja

Ife a ku Chipata alendo odzaona malo tinayamba kuwaona kalekale. Amadutsa m'tauni muno atavala makabudula ndi zipewa zamakhonde, akuthamangira ku Mfuwe kukajambula njovu za ku South Luangwa, njovu zomwe zija zimene abale athu kumeneko amachezera usiku wonse kuziingitsa m'minda. Tinkangowaseka kuti anthu awa ndalama zawakwana. Lero matendawa atilowa nafenso. Amayi a chilimba, akwaya, aphunzitsi sukulu zikatsekera, onse akusonkherana, kuchita hayala basi, kupeza mnyamata wowatsogolera, uyo ulendo wa kunyanja ku Malawi. Tsono popeza ine ndili m'gulu la anthu ochepa a m'komboni mwathu amene pasipoti yawo ili ndi chidindo cha dziko lina, ndaona kuti n'kulakwa kufa nazo nzeruzi.

Ansanje amati ku Malawi si kunja. Amati dziko lakunja lanji loti ukakwera pa Kapata umafika pa Mwami nzimbe usanamalize, loti anthu ake ndi a Phiri, a Banda ndi a Mwale, ndalama yawo ndi kwacha, ndipo chaka chilichonse mu Ogasiti amadzazana m'mabasi kubwera ku Mkaika kudzagwada pamaso pa Kalonga Gawa Undi pamwambo wa Kulamba? Amenewa musawamvere. Kulikonse kumene foni yako yasiya kugwira, wapolisi n'kuvala yunifolomu yachilendo, kumeneko n'kunja.

Langizo loyamba ndi ili: musanalipire, funsani. Okonza maulendo amakonda kunena kuti zonse zili momwemo. Afunseni kuti zonse zake ziti. Mudzadya kangati patsiku? Boti adzalipira ndani? Nanga polowa pagombe la hotela? Kodi basi idzathiriratu mafuta konkuno, popeza kwa anzathuwa nthawi zina mafuta amasowa, ndipo mzere wake suona kuti uyu ndi mlendo? Koposa zonse, m'chipinda mudzagona angati? Ine sindinafunse, chifukwa munthu wa msinkhu wanga safunsa mafunso aumphawi pagulu. Ndinagona pakati pa abambo awiri akwaya, wina woimba mawu apamwamba wina wa besi, ndipo mkonono wawo unkayenda m'mawu omwewo mpaka mbandakucha. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma dzina langa sanalitchule, choncho mwambiwu sukundikhudza.

Kenako mapepala. Reji yanu yobiriwira ija ndi yabwino kubanki ndi povota, koma si pasipoti. Ife a ku Zambia sitifunika viza polowa m'Malawi, komabe onetsetsani kuti pasipoti yatsala ndi miyezi yosachepera isanu ndi umodzi isanathe ntchito. Kapepala kodutsira malire kamene timatenga popita kumaliro ku Mchinji kali ndi polekezera pake. Ngati mukufuna kudziwa kuti kangakufikitseni ku Salima, kafunseni a imigireshoni, osati kondakitala. Mukatenga mwana, makamaka wa mnzanu, funsiranitu makalata ofunika masiku akadalipo.

Nyumba yatsopano ya pachipata cha Mwami ndi Mchinji anaitsegula a Hakainde Hichilema pamodzi ndi a Lazarus Chakwera mu Disembala 2022. Ubwino wake ngwakuti maofesala a mayiko onse awiri amagwirira ntchito pamalo amodzi, umangoima kamodzi. Zimayenda msanga, pokhapokha ngati m'gulu mwanu muli munthu wosamala kwambiri zinthu zake. Ine pasipoti ndinaisunga bwino zedi: m'envulopu, envulopuyo m'thumba la jekete, jeketeyo pansi penipeni pa sutikesi, sutikesiyo m'buti, kuseri kwa mapoto ndi mbaula za amayi ophika. Katundu yense anatsitsidwa dzuwa likuswa mtengo, amayi akwaya atagwira m'chiuno. Mpaka lero ndimati vuto linali kondakitala, sadziwa kupakira. Nditafika pawindo ndinatulutsa Chingerezi chimene ndinakhala ndikuchinola kunyumba. Mayi wa pawindoyo anandimvetsera mwaulemu mpaka nditamaliza, kenako anati, "Zikomo bambo. Tsopano tandiuzani, mukupita kuti?"

Pa ndalama ndiye pagona nkhani. Kuyambira mu Januwale 2013, pamene boma linadula maziro atatu pa kwacha yathu, ine ndinali ndisanagwirepo ndalama ya maziro ooneka. Ndiye taganizani: kwacha yathu imodzi imabala makumi angapo a kwacha ya ku Malawi, ndipo pepala limene anatulutsa kumeneko mu 2022 ndi la K5,000. Nditasintha tindalama tanga, buluku linalemera mbali imodzi. Kayendedwe kanasintha, mawu nawo anakula. Kondakitala ndinayamba kumuitana kuti "iwe mnyamata". Pa Kamwendo ndinagulira basi yonse nthochi. Pa Namitete ndinauza wogulitsa madzi kuti chenji asunge. Pofika ku Salima n'kuti ndikunong'oneza mayi a kunyumba kuti andikongozeko ya kuchimbudzi. Abale anga, maziro si chuma, chifukwa mitengo ya kumeneko nayonso ili ndi maziro ake. Sinthani ndalama kubanki kapena kumalo ovomerezeka, mutenge lisiti. Anyamata a m'mbali mwa msewu aja zala zawo zimathamanga kuposa maso anu. Gawani ndalama ya tsiku lililonse payokha, yobwererera muipereke kwa munthu wouma mtima. Ine munthu woteroyo ndinachita kumukwatira.

Za nthawi, dziwani kuti paulendo wa gulu pali mawotchi awiri. Ponyamuka kwanu imagwira ntchito wotchi ya a tcheyamani: anatiuza kuti tifike 04:00, tinafika, ndipo basi inanyamuka tambala atatopa, iwo akusitabe malaya. Mukangowoloka malire imayamba ya wotsogolera, ndipo imeneyo ilibe chibale. Akati mphindi khumi ndi zisanu, musapite kukameta tsitsi. Lembani nambala yake ya foni papepala, lembaninso nambala ya basi, chifukwa mu Lilongwe mabasi oyera ndi ambiri ndipo onse amaoneka ngati anu. Ngati simunagule simu kadi ya TNM kapena Airtel ya kumeneko, yomwe amalembetsa ndi pasipoti, gwirizanani malo okumanirana. Ine m'basi ya eni ake ndinakhalamo mwaulemu wonse, mpaka ndinalandira buku la nyimbo, ndisanazindikire kuti anthuwa akupita kuukwati ku Dedza. Mpando nawo muusankhe bwino. Wakumbuyo kwenikweni umakuwerengetsa mahampu onse ndi msana, wapansi pa sipika umakugonthetsa, ndipo woyandikana ndi mayi oyambitsa nyimbo umakusandutsa wakwaya usanabatizidwe. Thobwa imwani mukafika. Dalaivala saima chifukwa choti inu mwayamba kupondaponda.

Langizo lina limene simudzalimva kwa wina aliyense: musadzisandutse mzungu. M'basi mwathu munali mbuya wanga Mubemba wogwira ntchito ku Chipata konkuno. Inali nyengo yokolola itangotha, ndipo anyamata anali ndandanda m'mbali mwa msewu atakweza timitengo ta mbewa zowamba bwino. Mbuyayo anakuwa kuti, "Mbuya, ndiwo zanu izo, tiime?" Basi yonse inafa nako kuseka. Ine ndinakonza magalasi a dzuwa n'kunena kuti zinthu zimenezo ndinasiya kalekale, ndine munthu woyenda. Ndinazijambula chabe pafoni, uku ndikupukusa mutu modabwa. Koma anthu atatembenukira mbali ina kukagula mbatata, dzanja langa linatuluka lokha pawindo, ndipo kamtengo kamodzi kanalowa m'thumba lam'kati la jekete. Titafika mu Lilongwe tinajambulitsa tonse pachiliza cha Kamuzu Banda, ine pakati penipeni, chifuwa patsogolo. Chithunzicho chili pagulu lathu la WhatsApp, ndipo wina anachita kuzunguliza mzere wofiira pa timichira titatu totuluka pansi pa kolala. Idyani zimene mimba yanu ikuzidziwa, mudye poyera, munyamule madzi abwino akumwa ndi mankhwala a m'mimba.

Wotsogolera mumumvere, ngakhale ali wamng'ono woti mukanamubereka. Wathu ankadziwa zinthu. Anatifotokozera kuti Lilongwe inakhala likulu mu 1975, boma litasamuka ku Zomba, ndi kuti bwalo la Bingu linatsegulidwa mu 2017. Ine ndinaona kuti mnyamatayu akutionera pansi, choncho ndinaimirira n'kukumbutsa basi yonse kuti Chipata, pamene inkatchedwa Fort Jameson, inali likulu la North-Eastern Rhodesia mpaka 1911, ndipo mu 2017 momwemo ife tinakhala mzinda. Zonsezi n'zoona. Chovuta n'chakuti pamene ndinkakamba mbiriyi, iye ankalengeza za nthawi ya chakudya chamasana, ndipo amene sanamve ndinali ine ndekha.

Tsopano nyanja. Munthu amene madzi ambiri anawaonera padamu la Lutembwe ayenera kukonzekera mumtima. Nyanja ya Malawi m'litali mwake ndi makilomita oposa 550, pafupifupi mtunda wochoka kuno kukafika ku Lusaka, koma wopanda Katete, wopanda Petauke, wopanda potsikira kukagula nthochi. Titafika ku Senga Bay amayi ena anagwada n'kuyamba pemphero, ine ndinangoti, "Ndinkayesa ndi yaikulu kuposa apa," kwinaku mawondo akugundana. Kuyambira cha mu Juni mpaka Ogasiti kumawomba mphepo ya mwera, ndipo asodzi enieni akaiona amakokera mabwato kumtunda. Iwo akati lero ayi, inu musati ndalipira kale. Musasambe m'mabango kapena m'madzi odikha a m'mbali, chifukwa m'menemo ndi mokhala nkhono zofalitsa likodzo. Mukabwerera kwanu, pakapita masabata angapo, kayezetseni kuchipatala. Usiku gonani m'masikito. Ndipo musanajambule amayi akuchapa kapena asodzi akusoka maukonde, pemphani kaye. Nanunso simungakonde mlendo atakujambulani mukutsuka mbale kuseri kwa nyumba.

Mukamakwera boti, valani jekete yoyandamitsa ija. Popita kukachilumba ka Lizard ine ndinaikana, chifukwa ikanaphimba malaya anga atsopano amaluwamaluwa. Mnyamata wa boti anati, "Achimwene, valani." Ndinamuuza kuti kwathu ndife Angoni, makolo athu anawoloka Zambezi mu 1835 opanda jekete. Tili pakati funde linamenya mutu wa boti, madzi thi kumaso. Amene analipo amanena kuti ndinalanda majekete awiri, imodzi ndinavala m'miyendo, kenako ndinayamba kulapa mokweza, mpaka ndinatchula ndalama ya fetereza imene ndinabisa m'chitini kudenga la khitchini. Ine zimenezo sindikuzikumbuka. Mayi a kunyumba, omwe anakhala phee pambali panga ndi jekete yawo imodzi, akuzikumbuka bwinobwino, ndipo chitinicho anachipeza tsiku lomwe tinafika.

Pobwerera musaiwale kuti komboni yonse ikudikira. Munthu sungachoke kunja chimanjamanja. Gulani usipa wouma, mpunga wa kilombero, kabotolo ka tsabola wa Nali, tizinthu togawika. Funsani wotsogolera kuti chololedwa kuwoloka nacho n'chiyani ndiponso chochuluka bwanji, ndipo a kasitomu akafunsa muonetse zonse, chifukwa kubisa kumadula kuposa msonkho. Makwacha a ku Malawi otsala muwasinthe musanachoke pamalire, pa Kapata sadzakulandirani. Koma chambo chachiwisi chisiyeni. Eni ake amachimangirira kunja pagalasi la galimoto kuti chizipitidwa mphepo. Dalaivala wathu anakana, ndiye munthu wina, amene sindimutchula, anachikankhira pansi pa mpando. Pofika ku Mchinji mawindo onse anali otsegula, amayi atatseka mphuno ndi zitenje, a tcheyamani atalamula chipikisheni. Ine ndinathandiza nawo kufufuza mwakhama kwambiri, ndipo ndinayambira kutsogolo, kutali ndi mpando wanga.

Mwina mukuganiza kuti ndikukuopsezani. Ayi. Ulendo wa gulu ndi wotchipa kuposa kuyenda wekha, umakufikitsa malo amene wekha sukanawadziwa, ndipo ndalama zikakuthera pamakhala wokukongoza. Mtengo wake weniweni ndi umodzi: uyenera kusiya ukulu wako kunyumba, n'kulola kuti mnyamata wonyamula kope azikuwerenga mutu nthawi iliyonse mukakwera. Amene amavomera zimenezi amabwera ndi zithunzi zabwino. Amene timakana timabwera ndi nkhani zolemba m'nyuzipepala.

Choncho sonkhani, pitani, mukaone nyanja maso akadali owona. Anzathu a ku Malawi akadzabwera ndi mabasi awo ku Ncwala ku Mtenguleni mu Febuluwale, wina akasochera muzimulondolera njira osamuseka, pakuti nayenso ali kunja. Ndipo mukakafika ku Senga Bay, mnyamata wa boti akakufunsani za mdala wa ku Chipata wa malaya amaluwa amene analonjeza kumupatsa mbuzi akangomufikitsa kumtunda wamoyo, muuzeni kuti Chipata ndi mzinda waukulu, simungadziwe aliyense.