Rauta ya ku Zingwangwa ikadali mu 1970

Magetsi akangozima n'kuyakanso kuno ku Zingwangwa mu Blantyre, anthu amathamangira kutchaja mafoni, koma rauta yapakhomo imadzuka itasokonezeka mutu. Marauta ambiri otchipa alibe kabatire kosunga nthawi. Amafunsa nthawi ku makompyuta a pa intaneti kudzera mu njira yotchedwa NTP. Bando ikatha, wofunsidwayo palibe, ndipo marauta ena amangobwerera pa 1 January 1970, tsiku limene makompyuta a Unix amayambira kuwerenga nthawi.

Tangoganizani: kabokosi kali pa shelefu, koma mumtima mwake Kamuzu akulamulabe ndipo kwacha sinabwere, poti idayamba mu 1971. Mwina n'chifukwa chake sikadandaula za mtengo wa bando.

Mankhwala ake ngosavuta. Lumikizani foni ku WiFi, tsegulani adiresi yolembedwa kunsi kwa rauta, nthawi zambiri 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1, lowani ndi pasiwedi ya rautayo, ndipo lembani nokha tsiku ndi nthawi. Pamndandanda wa nthawi za madera, sankhani GMT+2. Dzina la Blantyre likasowa pamndandanda, musakwiye. Harare ndi Pretoria tili nawo pa ola limodzi.

Chenjezo lokha: magetsi akazimanso madzulo, mudzayambiranso. Choncho pasiwedi musaiike patali.